Nkhokwe ya m'Thengo ya ku Mpanshya

Munthu wocoka ku Lusaka kulinga ku Chipata ayenda pa mseu waukulu wa kum'mawa, umene uchedwa Great East Road. Akapitirira Chongwe minda yaikulu iyamba kucepa, ndipo mseu uyamba kukwera ndi kutsika m'mapiri. Pa Chinyunyu pali akasupe a madzi otentha, otuluka pansi ali kufuka nthunzi, ndipo apaulendo ambiri aima pamenepo kuti aone cozizwitsaco. Patsogolo pace pali Rufunsa, ndipo munthu akayenda makilomita pafupi-fupi 180 kucokera ku Lusaka, afika m'dziko la Mfumu Mpanshya.

Eni dziko limeneli ndiwo Asoli, abale ao a Asoli a ku Chongwe, koma pamsika ndi pa cipatala ca mishoni ca St Luke pamveka Cinyanja tsiku ndi tsiku. Kale dera lonseli linali pansi pa boma la Chongwe, kufikira caka ca 2012 pamene Rufunsa inakhala boma palokha. Kumpoto kuli cigwa cakuya ca Luano, m'mene muyenda mtsinje wa Lunsemfwa. Kum'mawa kuli mtsinje wa Luangwa. Ndipo kumwera, kuseri kwa mapiri, kuli Zambezi.

Mlendo angathe kunena kuti dzikoli ndi losauka, pakuti nthaka ya m'mapiri njamiyala, ndipo malo abwino olima ali m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Koma anthu a kumeneko ali ndi nkhokwe ina imene sanailuke ndi manja ao, ndiyo nkhalango. Mitengo yoculuka m'menemo ndiyo mombo, tsamba, mtondo ndi mcenga, pamodzi ndi misuku pa malo a nsangalabwi. Nkhalango yotere ichedwa miombo, ndipo iri yotambalala kucokera ku Angola kufikira ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mitengo yace siri yaitali kopambana, koma nthambi zace zitambasuka pamwamba, nizipereka mthunzi wopepuka umene ulola udzu kumera pansi. M'nyengo yacisanu masamba ayoyoka. Tsono kumapeto kwa Ogasiti ndi m'Seputembala, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi, mitengo iphuka masamba atsopano ofiira ngati mkuwa, ndipo mapiri onse aoneka monga ayaka moto. Dzuwa likatentha masana, m'nkhalango mumveka phwa! phwa! Zimenezo ndi zikhokhombe zouma ziri kusweka ndi kuponya nthanga zace kutali ndi tsinde.

Cakudya ca miyezi ya njala

Nthawi yobvuta pa mudzi ndiyo ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, pamene cimanga cakale catha m'nkhokwe ndipo catsopano cikali m'munda. Nkhalango ndiyo isunga anthu m'miyezi imeneyi. Masuku ayamba kupsa mvula iri pafupi. Ana alawirira m'mamawa kukatola amene agwa usiku, pakuti wocedwa apeza anyani atamtsogolera. Osapsa bwino awabvundika m'dzenje ndi masamba kwa masiku owerengeka. Mvula yoyamba ikagwa zituluka ngumbi, zimene anthu ambiri a m'Zambia ati inswa, ndipo pambuyo pa ngumbi abwera bowa.

Bowa ali wa mitundu yambiri, ndipo amai a pamudzi adziwa mtundu uliwonse ndi dzina lace ndi malo ace. Ndelema, amene pa misika ya ku Lusaka amuchula tente, ndi woyera ndi wonenepa, ndipo aculuka ca ku Khirisimasi. Manyame ndi acikasu kapena ofiirira, amera m'magulu pansi pa mitengo. Utale umera pa culu. Pophika amai atsuka bowa kucotsa mcenga, namng'amba-ng'amba ndi zala, namwiritsa ndi mcere ndi matimati, kapena kumtendera ndi nsinjiro. Akaculuka koposa wakudya tsiku limenelo amfutsa: amwiritsa pang'ono, namyanika padzuwa, namkulunga m'cikwatu ca masamba a msuku, cimene acipacika kudenga kumene kufika utsi. Cikwatu cotere cisunga ndiwo kufikira malimwe. Wina amuika m'mbale nakagulitsa kumseu kwa oyenda pa galimoto, ndipo ndalama zace zigula mcere, sopo ndi makope a ana a sukulu.

Pali bowa winanso wakupha, wofanana ndithu ndi wabwino. Palibe njira yacidule yomzindikirira. Ena ati bowa amene wadyedwa ndi tizirombo ngwabwino, koma zimenezi nzonama, ndipo zapha anthu. Mwana asadye bowa amene sanamuonetse munthu wamkulu womdziwa bwino.

Tsono pali cinthu cimodzi cimene alimi onse acidziwa, ngakhale si onse adziwa cifukwa cace. Munthu akhoza kubzala cimanga, nyemba kapena mango, koma palibe amene anabzala ndelema kapena manyame m'munda mwace nakolola. Ndiponso nkhalango ikadulidwa, bowa wa pamalopo aleka kumera, cingakhale mvula igwe bwino cotani.

Cifukwa cace ndi ici. Cimene anthu azula ndi kudya ciri ngati cipatso cabe. Thupi leni-leni la bowa liri pansi pa nthaka, ndipo ndi timaulusi toyera, tocepetsetsa koposa tsitsi, toyanga-yanga ponse-ponse. Munthu akafukula masamba obvunda pansi pa mombo m'dzinja angathe kutiona. Timaulusi timeneti tikulunga nsonga za mizu ya mtengo monga cisoti. Pamenepo pacitika malonda osinthana. Timaulusi tifika kutali kumene mizu siifika, titenga madzi ndi cakudya ca m'nthaka, nitipereka kwa mtengo. Mtengo nawo upanga shuga m'masamba ace ndi mphamvu ya dzuwa, nutumiza wina ku mizu kuti bowa adye, pakuti bowa alibe masamba ndipo sangathe kudzipangira cakudya. Ndi cithandizo cimeneci mombo ndi mtondo zikhoza kukula pa nthaka yosauka imene cimanga cikana. Koma nkhwangwa ikagwetsa mtengo, shuga aleka kutsika, ndipo bowa afa ndi njala pansi pomwepo popanda munthu womuona.

Bowa wa pa culu ali ndi mbuye wina, ndiye ciswe. Ciswe cituta udzu wouma ndi timitengo takufa, cizitafuna, nicimanga nazo timinda m'kati mwa culu, m'mene cilima bowa kuti cidye. Mvula ikagwa, bowayo aboola dothi natulukira kunja. Wamkulu wa onse a mtundu umenewu ndiye cikolowa, amene cisoti cace cikhoza kufika mita imodzi m'mimba mwace, kotero kuti mmodzi yekha akwanira banja lonse ndi anansi omwe. Akatswiri awiri, David Pegler ndi Graham Piearce, anamlemba m'mabuku a sayansi m'caka ca 1980, namucha Termitomyces titanicus, ndipo palibe bowa wina wodyedwa pa dziko lonse lapansi womposa kukula. Anthu a ku Ulaya anazizwa pakumva za iye, cinkana agogo a m'Zambia anali atamdya kuyambira kale-kale.

Matondo ndi mphalabungu nazonso ndi ana a mitengo. Agulugufe a usiku aikira mazira pa masamba, ndipo mbozi zikaswa zidya masamba anthete a mtondo ndi mombo kufikira zitanenepa. Zofinya bwino ndi kuyanika zikhala miyezi yambiri, ndipo zipatsa thupi mphamvu yonga ya nyama. Ku Mpika, kwa Mfumu Kopa ya Abisa, kuli mwambo wakuti anthu asayambe kutola mbozi mfumu isanalole, kuti zikhwime ndi kuti zina zitsale zakudzabala caka camawa. Mwambo umenewu ngwanzeru. Wopusa ndiye amene agwetsa mtengo wonse kuti atole mbozi za kunsonga, pakuti adya tsiku limodzi cimene cikadamdyetsa zaka makumi.

Za uci nkhani yace njokoma. Mitengo ya miombo icita maluwa ambiri, ndipo njuci zimanga m'mphako zace. M'nkhalango muli kambalame kochedwa nsadzu, kamene kadziwa pali njuci koma sikangathe kutsegula mphako. Kakaona munthu kalira mosalekeza, nikauluka mtengo ndi mtengo kumtsogolera kufikira pa njucipo. Munthu afukiza utsi, nafula uci, nasiyira mbalameyo zisa, pakuti iyo idya phula ndi ana a njuci. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira anayesa kuti imeneyi ndi nthano. Koma m'caka ca 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pakati pa Ayao ofula uci ku Niassa, m'dziko la Mozambique: mlenje akaitana mbalameyo ndi kaitanidwe ka makolo ace, mwai wace wopeza njuci uculuka katatu. Wofula wabwino sagwetsa mtengo, ndiponso azima moto wace asanacoke. Ming'oma yamakungwa nayo ipha mitengo, popeza mtengo wosendedwa kuzungulira uuma. Ncifukwa cace alangizi alimbikitsa ming'oma yamatabwa.

Eni nkhalango ena

Anthu sadya okha m'nkhokwe imeneyi. M'mapiri ndi m'zigwa zozungulira Mpanshya muli ngoma, mphalapala, mbawala, agwape, njiri, nguluwe, anyani ndi apusi, ndipo kutsikira ku Zambezi kuli njobvu, njati, mikango, anyalugwe, mimbulu, mvuu ndi ng'ona. Nyamalikiti kulibe. Wofuna kumuona apite ku cigwa ca Luangwa ca kufupi ndi Mfuwe.

Nyama iriyonse iri ndi nchito yace. Njobvu idya zipatso zambiri, niyenda mtunda wautali, nisiya nthanga m'ndowe zace, m'mene zimera msanga monga zabzalidwa ndi manyowa. M'cilimwe ikumba mcenga wa m'mitsinje youma kufikira madzi atuluka, ndipo nyama zazing'ono zimwa pambuyo pace. Nyalugwe agwira anyani ndi nguluwe. Kumene anthu anatha anyalugwe, anyani aculuka, ndipo mlimi agona m'munda kulinda cimanga. Ngaka, kanyama kamamba kodzipinda ngati nkhata, kadya nyerere ndi ciswe, ndipo sikalakwira munthu. Komabe lero kasowa cifukwa ca anthu okagulitsa mamba ace kunja, ngakhale lamulo liletsa ndi cilango ca ndende.

Makolo anali ndi malamulo ao osalembedwa. Mitengo ya kumanda sinali kudulidwa. Polambula munda watsopano anali kusiya msuku ndi muula. M'maiko ambiri a kuno, mlenje akapha njobvu, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu, cotero palibe anali kupha njobvu mobisa. Ndiponso anthu anali owerengeka, ndi zida zao zinali uta, mkondo ndi mfuti zagogodera.

Zinthu zinasintha msanga. M'zaka za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe wocokera kumpoto unapha njati ndi nyama zina zosawerengeka, koma zimenezo zinabwereranso pang'ono-pang'ono. Coopsa ceni-ceni cinadza ndi malonda a minyanga. M'caka ca 1973 anawerenga njobvu zoposa 80,000 m'cigwa ca Luangwa, ndipo zipembere zinali zikwi zingapo. Pasanapite zaka makumi awiri, njobvu zambiri zinali zitaphedwa ndi anthu a mfuti zankhondo. Cipembere cakuda cinatheratu, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse mulibe ngakhale cimodzi. Zimene ziri ku North Luangwa lero zinacita kubwera pa ndege kucokera ku South Africa, kuyambira m'caka ca 2003, ndipo azilinda usana ndi usiku. Nyama imene agogo anali kukumana nayo pa njira ya kumadzi, adzukulu aiona pa cithunzi.

Nzeru yakuti nyama yamoyo ingathe kupindulitsa mudzi inayesedwa m'caka ca 1950, pamene Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kupatula malo osungira nyama, kuti alendo azilipira pakudzaziona ndipo ndalamazo zipite kwa eni dziko. Kumwera kwa Mpanshya, malo a makilomita 4,092 m'bwalo lace anakhala Lower Zambezi National Park m'caka ca 1983. M'paki simuloledwa kumanga mudzi, kulima kapena kusaka. Koma nyama sizidziwa malire, cotero m'mbali mwa paki muli madera ena, monga a Rufunsa, Luano ndi Chiawa, m'mene anthu akhala ndi kulima, koma kusaka kufuna cilolezo. Lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi osankhidwa m'dziko la mfumu iriyonse ya m'madera amenewa, kuti alandire gawo la ndalama za zilolezo ndi kulemba anyamata a komweko nchito yolonda nyama. Lamulo lina la 2015 linaika nchito yonse ya nyama m'manja mwa dipatimenti ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama za m'thengo.

Nkosayenera kubisa kuti kukhala pafupi ndi nyama nkowawa. Njobvu zingathe kutha munda wa caka conse usiku umodzi, ndipo mai amene waona zimenezi m'mawa sangakondwe kumva kuti njobvu ndi cuma ca dziko. Alimi ena azinga minda ndi zingwe zopaka tsabola wosakaniza ndi mafuta akuda a galimoto, ena aocha njerwa za ndowe ndi tsabola kuti utsi wace uzipitikitse, ndipo ku Kenya anapeza kuti njobvu ziopa mpanda wa ming'oma ya njuci. Njira zimenezi zithandiza, koma sizitha bvuto lonse. Ngati phindu la nyama likhala ku Lusaka ndi m'mahotela a alendo, ndipo kumudzi kutsala misozi yokha, anthu abwerera ku misampha yawaya. Msampha wotere susankha: wocherera gwape ugwira mmbulu, mkango, kapena citamba ca mwana wa njobvu.

Makala ndi moto

Mdani wamkulu wa nkhalango ya ku Mpanshya sanyamula mfuti. Aliyense woyenda pa mseu wa kum'mawa aona matumba a makala, amene ku Lusaka ati malasha, ataimikidwa m'mbali mwa mseu, ndi malole ndi njinga zolemedwa nao kulinga kumadzulo. Lusaka inakhala likulu m'caka ca 1935 iri kamzinda kakang'ono. Pa kalembera wa 2022 munali anthu oposa 2 miliyoni, ndipo nyumba zambiri ziphika pa mbaula. Madzi akacepa m'nyanja ya Kariba magetsi asowa, monga zinacitika mu 2015, mu 2019 ndi m'cilala ca 2024, ndipo pamenepo ngakhale a masitovu amagetsi agula makala. Nkhalango za kufupi ndi mzinda zitatha, ogula anayamba kufika kutali, ku Chongwe poyamba, pambuyo pace ku Rufunsa.

Woocha makala adula mitengo, naiunjika, naikwirira ndi udzu ndi dothi, nayatsa moto wonyeka pang'ono-pang'ono kwa masiku ambiri. Pa nkhuni zolemera makilogalamu 100, makala otuluka m'uvuni wadothi kawiri-kawiri safika makilogalamu 25. Zotsalazo zipita m'mwamba monga utsi. Mitengo imene ipatsa makala olemera ndi okhalitsa pa mbaula ndiyo mombo, mtondo ndi mcenga, yomwe ija isunga bowa ku mizu, mbozi ku masamba ndi njuci ku maluwa. Munthu woocha makala si woipa mtima ai. Nchito yace njolemetsa, utsi umuononga cifuwa, ndipo phindu lalikulu apeza ndi mwini lole. Acita zimenezi cifukwa mwana afuna yunifomu ndipo cimanga sicinabale. Koma mtengo wa makala ugulitsidwa kamodzi kokha, ndipo mkazi wace yemwe, amene kale anali kutola bowa kuseri kwa nyumba, tsopano ayenda theka la tsiku kuti adzaze dengu. Pa mapiri otsetsereka ngati amenewa, mvula ikagwa pa nthaka yopanda mitengo ikokolola dothi, nikwirira maiwe a m'mitsinje ndi mcenga.

Mdani waciwiri ndiye moto. Caka ndi caka thengo lipsa: ena ayatsa pofuna mbewa, ena posaka, ena mwa kusasamala cabe. Koma moto suli umodzi. M'caka ca 1933 a za nkhalango anapatula zigawo za miombo pafupi ndi Ndola kuti ayese. Zigawo zina anaziocha caka ndi caka kuciyambi kwa nyengo youma, udzu ukali ndi cinyontho. Zina anaziocha mu Okutobala, zonse zitauma gwa. Ndipo zina sanaziocha konse. Colin Trapnell analemba zotuluka zace m'caka ca 1959. M'zigawo zopsa mocedwa, mitengo ya miombo inali itatha pafupi-fupi yonse, mutatsala udzu wautali ndi mitengo yowerengeka yopirira moto. M'zigawo zopsa msanga nkhalango inali ciimire, ndi ana a mitengo akukula pansi pace.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Moto wa mu Meyi kapena Juni uyenda pansi mofatsa, uzima wokha ndi mame a usiku, nusiya zigamba za udzu m'mene akalulu ndi nkhwali zibisala. Moto wa mu Okutobala ukwera kufikira kunsonga, panthawi imene mitengo yatha mphamvu zace kuphuka masamba ofiira aja. Upsereza masambawo pamodzi ndi mazira a mbozi, upha timitengo tating'ono, nuthamangitsa njuci. Ncifukwa cace alonda a nkhalango ayamba ndiwo kuocha m'nyengo yacisanu, kuti moto wa m'cilimwe usapeze cakudya. Mnyamata woyatsa thengo mu Okutobala kuti agwire mbewa khumi sadziwa mtengo wace wa mbewazo.

Komabe miombo iri ndi moyo wouma. Mtengo ukadulidwa mizu yace siifa msanga, ndipo citsa ciphuka mphukira zambiri. Malo amene anaochapo makala, akalekedwa osalimidwa, osapsa ndi moto waukali, ndi osadulidwanso mphukira zikali zazing'ono, abwerera kukhala nkhalango, ngakhale papita zaka makumi awiri kapena atatu kuti mitengo ikule bwino. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kulembetsa nkhalango yao ku boma ndi kuiyang'anira okha, ndi kupangana malamulo a kadulidwe ndi kaochedwe. Kuyambira m'caka ca 2012 kampani ya BioCarbon Partners yakhala ikugwira nchito m'boma la Rufunsa, kumpoto kwa paki, m'njira yacilendo ndithu. Mitengo pokula imwa mpweya woipa umene utenthetsa dziko lapansi, ndipo makampani a kunja amene atulutsa mpweya wotere alipira ndalama kuti mitengoyo isadulidwe. Gawo la ndalamazo lipita ku midzi, kumene ligwira nchito zonga kukumba zitsime ndi kukonza masukulu. Cithandizo cimeneci ncabwino pamene cifika, koma cidalira ogula a kutali amene angathe kusintha maganizo, ndiponso cidalira kuti ogawa agawe poyera. Bowa, masuku ndi uci zilibe mkhala-pakati.

Ulendo wokaona

Ana a sukulu a m'Zambia akhala ndi makalabu a Chongololo kuyambira m'zaka za m'ma 1970, m'mene aphunzira za nyama ndi mitengo. Bungwe la Conservation Lower Zambezi, loyambika m'caka ca 1994, litenga ana a m'midzi yozungulira paki kukaona njobvu ndi mvuu kumtsinje. Ambiri a iwo akhala asanaonepo njobvu masana iri kumwa madzi mwamtendere. Aidziwa monga cirombo ca usiku cokha.

Ulendo wina wosaiwalika ndiwo wotsika mapiri a Manenekela, kumene mseu ukhota-khota m'mphepete mwa maphompho, kufikira pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa m'caka ca 1968. Kumeneko kutentha, ndipo mitengo isintha: mombo ucepa, nizioneka milambe, misau ndi mitsanya. Pa msika wa pamlatho agulitsa madengu, mphasa, malambe, masau ouma ndi nsomba zowamba. Koma kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale boma liletsa kugwira nsomba m'mitsinje yambiri, kuti ziswane.

Ngakhale sukulu yopanda ndalama ya galimoto ingathe kucita ulendo, pakuti nkhalango iyamba kuseri kwa bwalo la mpira. Nthawi yabwino ndiyo m'mamawa, mvula itagwa usiku, mapazi a nyama akali kuoneka pa matope. Ana ayende ndi mphunzitsi pamodzi ndi munthu wamkulu wa pamudzi wodziwa maina a mitengo, atenge madzi akumwa ndi mbatata kapena cimanga cokazinga, koma macesi ndi malegeni atsale kunyumba. Phokoso lithawitsa zonse. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekha aona pamene nguluwe inafukula usiku, ndi mphako imene njuci zilowa ndi kutuluka. Akafika pa malo akale a makala, ana awerenge mphukira za pa citsa cimodzi, nayang'ane ngati pali bowa, pambuyo pace acite comweco pansi pa mitengo yaikulu.

Kalasi likhale ndi kope limodzi la nkhalango, losungidwa kwa mphunzitsi wamkulu. M'menemo alembe tsiku limene masamba ofiira anayamba kuoneka, tsiku limene masuku oyamba anagwa, tsiku la ngumbi ndi la ndelema woyamba, mwezi umene moto unapita pa phiri lakuti-lakuti, ndi matumba a makala amene anawerenga pamseu Lacisanu lirilonse. Kalasi lotsatira lipitirize pamene anzao analekeza. Pakutha pa zaka khumi, kope limenelo lidzakhala ndi mbiri ya nkhalango ya mudziwo imene siipezeka mu ofesi iriyonse ya ku Lusaka, ndipo nduna za mfumu zidzatha kulitsegula pokambirana za malo oyenera kudula ndi oyenera kuleka.